Juzi ija ikuvalidwa

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno tili bwino, ana akudya ngati dzombe.

Ntchito ikuyenda. Tinapeza kachipinda kuseri kwa ometa tsitsi. Anthu odzibaya mankhwala osokoneza bongo amabwera kudzaponya majakisoni akale m'chigubu, ife n'kuwapatsa atsopano kuti asamabwerekane. Timawatsuka zilonda, timawaphikira tiyi, ndipo wofuna kusiya timamuperekeza kuchipatala. Ometa aja ankati tikuweta mbava, koma pano amatibwereka benchi, amvekere, "Bola musandithyolere!"

Mwafunsanso ngati ndamuonako msuweni wanga, mwana wanu wosowa uja. Azakhali, lamulo lathu ndi limodzi: wolowa pakhomo paja sitimufunsa dzina, ndipo sitiuza aliyense kuti anabwera, ngakhale mayi ake omubala. Tikangoulula, mawa sabweranso. Ndiye musandiumirize.

Koma juzi yobiriwira ija munaluka n'kunditumizira kuti ndimusungire, siili m'sutikesi. Ikuvalidwa. Poyamba inkalendewera m'mapewa, koma masiku ano yayamba kukwana.

Muzigona tulo, azakhali.

Ndine mwana wa mchimwene wanu.