Chilembo cha P pa Pasti

Moonta,
9 Ogasiti

Wokondedwa mlongo wanga Winifred,

Ine Horace Polglase Glasson, wa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, mlaliki wothandizira pa tchalitchi chathu chimene ndimachitchabe cha Methodisiti, ndiponso wamkulu mwa otsala a mbumba ya malemu agogo athu Josiah Glasson, ndikulemba kalata iyi ndi dzanja langa, mutu wanga uli bwinobwino. Musaseke poona kuti ndalemba dzina langa lonse kwa inu amene tinayamwa bere limodzi. Chifukwa chake muchipeza m'munsimu, ndipo ndikupemphani kuti musadumphe mizere monga munkachitira kusukulu.

Poyamba ndifunse za moyo. Kodi muli bwanji ku Townsville kotenthako? Nanga bondo lija likulola kukwera masitepe? Kuno ine ndili bwino, kupatula chifuwa cha nyengo yozizira. Mvula yagwa mokwanira ndipo minda ya balere yabiriwira mpaka ku Kadina.

Tsopano nkhani.

Mukukumbukira zimene tinagwirizana pa lamya mwezi watha. Merryn, mwana mmodzi yekhayo wa mwana wanga Clive, akukwatiwa mu Okutobala ndi Manolis Polychronis, mnyamata wa Chigiriki wa ku Port Pirie. Merryn analengeza kuti sasunga dzina la Glasson, satenganso la mwamuna wake, koma awiriwo apanga dzina lawolawo, ndipo anakana kulitchula. Inu munati dzina si keke yoti munthu n'kusakaniza m'mbale, ndipo munalumbira kuti simukwera ndege kudzaonerera maliro a dzina la atate athu. Ine ndinati ndidzapita, koma sindidzalankhula. Ndinaonjeza kuti katundu yense wa makolo ndidzampereka kunyumba yosungirako zakale, popeza wolandira palibe.

Maganizo anga munkawadziwa. Kwa munthu wofufuza mbiri ya mtundu wake, dzina la banja lili ngati chingwe chotsikira mumgodi: ukachigwira, umatsika mbadwo ndi mbadwo mpaka pansi. Koma masiku ano mkazi asunga lake, mwamuna atenga la mkazi, ana apatsidwa maina awiri olumikiza ndi kamzere, ena angokhalira limodzi osapita kutchalitchi kapena kuboma. Ndinkadzifunsa kuti mdzukulu wa mdzukulu wa Merryn, akadzafuna kudziwa kumene anachokera, adzagwira chiyani. Ndinkaona chingwe chikudukira m'manja mwanga.

Lamulungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, anandiitana kukadya kwa Clive. Merryn ndiye anaphika mapasti, mikate yathu ija yokulunga nyama m'kati, ndipo ndivomere kuti anawapinda m'mbali monga ankachitira amayi, nyama yodula ndi mpeni, osati yogaya. Anasunganso mwambo uja woika zilembo za mwini wake pakona ndi tizidutswa ta ufa wokanda, monga akazi ankachitira kuti amuna awo asalimbirane chakudya pansi pa mgodi.

Ya Clive inali ndi C.G. Ya mkazi wake Beverley inali ndi B.G. Ya Merryn inali ndi M.P., ya Manolis chimodzimodzi M.P. Mumtima ndinati, basi, mtsikanayu wagonja, watenga la mwamuna wake. N'zopweteka, komabe ndi dongosolo lodziwika. Kenaka anandiikira yanga. Inali ndi H.P. basi.

Ndinauza Merryn mwaulemu kuti chilembo chimodzi chagwera mu uvuni. Iye anayankha kuti palibe chagwa, agogo adye asanayambe ulaliki, pasti ingazizire. Ndinati munthu sadya chakudya cha mwini wake, ndipo ine ndine Glasson. Apo Manolis analowererapo, nati agogo asadandaule, kwawo dzina analidula kalekale ndipo palibe anafa nazo. Akuti agogo ake anafika kuno ali Polychronopoulos, koma dzinalo silinkakwana pa chikwangwani cha sitolo yawo ya nsomba, ndiye anangolidula mchira ngati nkhosa. Clive anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinaseke.

Pamenepo Merryn anakankha mbale, nawaza ufa patebulo, Beverley akudandaula za nsalu yake. Anati popeza agogo ndi aphunzitsi, awaonetsa pa bolodi. Analemba ndi chala chiyambi cha dzina la Manolis: Pol. Pambali pake analemba chiyambi cha lathu: glas. Ndiye anati, ndi limenelo, aphunzitsi achonge.

Winifred, mukudziwa kuti sindinalekererepo liwu lolembedwa molakwa, ngakhale pa chikwangwani cha ogulitsa nyama. Ndisanaganize n'komwe, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti pakusowa e kumapeto. Ndinatambasula chala, ndi kumulemba e uja mu ufa. Nditachotsa chala, ndinawerenga.

Polglase.

Dzina langa lapakati. Dzina la kwawo la agogo athu aakazi, Keziah, amayi a atate.

Merryn anati, mwaona agogo, mwalimaliza nokha, ndiye musadzatinene kuti tinalipeka tili awiri. Manolis anati iye anangobweretsa zilembo zitatu ngati mkamwini wosauka, zina zonse wazipeza pakhomo.

Ndinafunsa Merryn kuti analidziwa bwanji, pakuti chiyambire pamene anyamata akusukulu ankanditcha Polly ngati mtsikana, ndakhala ndikusaina H. P. Glasson, ndipo ngakhale malemu mkazi wanga Edna sankalitchula. Anandikumbutsa tsiku lina ali wamng'ono, pamene ndinamutenga kukazula udzu kumanda. Akuti anawerenga mwala uja wolembedwa kuti Keziah, mkazi wa Josiah Glasson, nandifunsa kuti iwowo asanakhale mkazi wa munthu anali yani. Akuti ndinamuyankha kuti dzina lawo lili m'kati mwa langa, ndipo ndikadzafa lidzapita nane, chifukwa alongo awo onse anamwalira osasiya mwana. Ine ndinaiwala. Iye sanaiwale. Akuti tsiku limene Manolis anamuuza dzina lake koyamba, anayamba kuwerengera zilembo asanaone n'komwe ngati mnyamatayo ndi wooneka bwino. Manolis anati wakhala akukayikira kuti anakondedwa chifukwa cha sipelo.

Ndinadya pasti ija yonse, kuyambira kukona kopanda zilembo monga mwa mwambo, ndipo pofika pa P ndinapempha kuti ndituluke kukaona nyengo.

Mlongo wanga, sabata yonseyi ndakhala ndikulingalira, ndipo ndapeza zinthu zimene zandisangalatsa ngati mwana. Chingwe chimene ndinkachinyadira chija chinali cha amuna okhaokha. Pa ntchito yanga yonse yofufuza, amene anandisowetsa mtendere si achinyamata a lero ai, koma akazi a kale, amene ankalowa m'tchalitchi ndi dzina natuluka alibe. Amayi a Josiah mpaka lero sindikudziwa kwawo; paliponse angolembedwa kuti Mayi Glasson. Keziah yekha ndinamulondola mpaka kumudzi kwawo ku Cornwall, kutsidya la nyanja, ndipo chinandithandiza ndi chiyani? Mwambo wathu wopatsa mwana dzina la kwawo kwa amayi kapena agogo kuti likhale lapakati. Makolo athu ankadziwa kuti dongosolo lawo limataya akazi, ndipo ankawabisa pakati pa maina a ana. Merryn wangotenga chobisika n'kuchiika poyera.

Ndinamuchenjezabe, monga mwa udindo wanga, kuti wofufuza wa m'tsogolo adzasokonezeka. Adzaona Polglase, adzaganiza kuti ndi mzere wa amuna wochokera ku Cornwall, adzathamangira kumeneko kukafuna atate amene kulibe. Merryn anafunsa kuti, nanga akakafika kumeneko adzapeza yani? Ndinayankha kuti adzapeza Keziah. Iye anati, ndiye kusochera kwake kuli pati? Winifred, taganizani! Munthuyo adzalakwa njira, koma adzagogoda pakhomo loyenera! Chinthu chotere sindinachionepo.

Za mbali ya Chigiriki musade nkhawa. Ndawalamula, ndipo avomera, kuti mwana woyamba adzakhale ndi Glasson ndi Polychronopoulos pakati, lonse, ndi mchira womwe. Manolis akuti mwanayo adzayamba kulemba dzina lake Lolemba n'kumaliza Lachitatu.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwezani lumbiro lanu, mubwere. Mwa amoyo, ndinu nokha amene munakhalapo pamiyendo ya Keziah ndi kumva nyimbo zake. Ine ndinali mnyamata wothamangira kunja. Ine ndidzalankhula paukwatiwo, ndayamba kale kukonza mawu, ndipo Clive wandipempha kuti asapitirire ulaliki wa pa Pasaka. Koma mawu anga adzakhala a mayina ndi zaka. Merryn akusenza dzina la munthu amene sanamuonepo, ndipo afunika wina womuuza mmene munthuyo ankasekera. Mukakana, adzakwatiwabe, koma adzadziwa kuti mbali ina ya banja yamufulatira chifukwa cha chinthu chimene anachichita mwa chikondi. Zimenezo sindingazipirire.

Mundiperekere moni kwa ana anu Denzil ndi Rosalind pamodzi ndi adzukulu onse. Ambuye akusungeni, akulimbitseni bondo, ndipo akufewetseni mtima, umene ndikuudziwa kuti ndi wouma ngati wanga.

Pomaliza, popeza kunyumba yosungirako zakale sikupitanso kanthu, ndagawa motere, ndipo mukhale mboni:

Kwa Clive, wotchi ya m'thumba ya atate, ndi chipewa cholimba cha Josiah cha mumgodi, chija chili ndi phula la kandulo.

Kwa Beverley, nsalu yapatebulo ya Edna, kulowa m'malo mwa imene tinaithira ufa.

Kwa Manolis, buku langa la nyimbo, kuti aphunzire kuyimba ngati munthu wa pabanja pano, pakuti mawu ali nawo koma amawataya pa mpira.

Kwa Merryn, kamtengo ka Keziah kosalazira ufa wokanda wa mapasti, ndi chithunzi chawo chokhacho, chimene kumbuyo kwake ndalembako dzulo dzina lawo lonse.

Kwa inu, mpando wakutsogolo pambali panga, ndi pasti yanuyanu. Merryn wafunsa kuti aikepo zilembo ziti: W.T., za malemu amuna anu a Treloar, kapena W.G., zimene munabadwa nazo. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikulemba pa envelopu kuti Mayi Ronald Treloar osakufunsani. Ndamuuza kuti asiye pakonapo popanda kanthu, mwini wake adzanena yekha akafika.

Ine mlongo wanu wokukondani,

Horace Polglase Glasson