Golide wa Elson

9 Seputembala

Kwabwera anthu a ku yunivesite pa galimoto yoyera. Akumba kumtunda kwa munda wanga, aikamo chitsulo chonga chidebe, akwirira. Pamwamba sola ndi kampanda ka waya. Akuti asankha pano chifukwa thanthwe lili pafupi ndipo msewu uli kutali. Munda womwewu abale anandisiyira chifukwa cha miyala.

Wamkulu wawo ndi mayi, a Loyce. Ine maso pansi nthawi yonse. Sopo watha.

14 Seputembala

A Loyce andifotokozera modekha. Chitsulocho chimamvetsera zivomezi zakutali, ngakhale za kutsidya kwa nyanja. Kunjenjemerako kukamadutsa pansi pathu, iwo amadziwa kuchindikala kwa thanthwe ndi pamene linalumikizana kalekale, kusanakhale munthu. Akuti kumunsi ku Bwanje dziko likung'ambika, koma pang'onopang'ono zedi, ife sitidzaona. Pafupi ndi mpanda pasamakumbidwe, chimasokonezeka. Ndinalimba mtima n'kufunsa ngati muli golide. Anaseka, akuti mulibe, ndipo si zimene abwerera.

Amalume anga, a Hilary, sakumva zimenezo. "Ku Joni zinayamba chomwechi, kuyeza nthaka." Iwo ku Joniko ankangokankha ngolo pansi pa mgodi, lero ndiwo katswiri. Kandeu yense wamva kale kuti m'munda mwanga muli golide.

Lamulungu, 24 Seputembala

Kutchalitchi Elson wandipatsa moni. Elson wa kabaza ya njinga yamoto, amene kumsika amanditchula kuti chosalankhula chija. Lero, "Selestina, mwadzuka bwanji, nanga kumunda?" Kumunda. Mano onse panja ngati mutu wa mbuzi wowamba.

3 Okutobala

Elson watuma amalume ake kudzandifunsira. Akuti sanditengera kwawo, adzakhala mkamwini konkuno, azidzalima munda wanga. Kwawo kwa eni ng'ombe, kumene alongo ake onse anawalowola, lero kudzapempha chikamwini. Amalume anga avomera ndisanafunsidwe. Chinkhoswe mwezi wamawa.

Ndinanena kuti golide mulibe. Mawu anga sanafike ndi pakhomo pomwe. Akuti wa Sitandade 6 angadziwe chiyani, anthu a magalimoto sauza mwana chilungamo. Elson akalowa m'mundamu ndiye kuti ndautaya, ndipo palibenso china changa.

11 Okutobala

Wayamba kugalauza mizere kuti aoneke mkamwini wakhama. Khasu amaligwira ngati la mwini. Mwala uliwonse wonyezimira autola, aulavulira, aupukuta pa buluku, ulowe m'thumba. Matumba afufuma, buluku likuchita kutsika. Amalume amandituma kukamusiyira thobwa. Amamwa maso ali kumpanda.

Wandiuza kuti ndili ndi manja abwino. Bodza la mtengo wotsika. Feteleza chaka chino sindikudziwa.

28 Okutobala

A Loyce abwera kudzatenga zimene chitsulo chamva. Apeza Elson ali m'dzenje lofika m'chiuno, pafupi penipeni ndi mpanda, piki m'manja. Akuti m'malo mwa zivomezi, kompyuta yadzaza ndi kugunda kwa piki yake, ntchito ya masabata yaonongeka. Sanakweze mawu. Anamuuza pamaso pa amalume, m'Chichewa choyera, kuti pansipo ndi thanthwe lokhalokha, lakale kwambiri, ngakhale akumbe mpaka imvi. Miyala ya m'thumba mwake anaiyang'ana kamodzi n'kuti ndi yabwino kumangira maziko a chimbudzi.

Elson anafunsanso kuti ndithu mulibe? Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Amalume anangoti dzuwa latentha, n'kumapita.

7 Novembala

Elson sanabwerenso. Ankhoswe ake atumiza mawu akuti mnyamata akufuna ayambe wakaona ku Joni. Amalume akuti ndamuthawitsa ndine ndi kusalankhula kwanga. Alankhule okha, ali ndi pakamwa pokwanira mudzi wonse.

Mizere wasiya theka, yokhotakhota, ndiyenera kuibwereza mvula isanagwe. Dzenje lake ndakwirira ndekha. Munda ndi wanga, palibe woulowa.

Masana ndinamva njinga yamoto ikutsika kuchokera ku Kandeu. Ndinapezeka ndaimirira, khasu pansi, ndikukonza duku. Inapitirira. Sanali iye n'komwe.

Munthu wopusa chonchija, ine n'kukonza duku