Injini yanga ikutsokomola, ukwati wa mwana wayandikira

Aphungu,

Ndine msodzi, ndipo nsomba zikavuta ndimaolotsa anthu pa mtsinje wathu wa Guapi. Ndalembera inu chifukwa nkhaniyi sindingaikambe padoko. Ndikangotsegula pakamwa, anzanga amayamba kugwira nthiti.

Injini ya bwato langa anandipatsa ndi apongozi anga, malemu Don Nicomedes, chaka chimene ndinakwatira mwana wawo Ermelinda. Pondipatsa anati, "Mkamwini, onse awiriwa ndi aphokoso, koma ukawasamala sadzakusiya panjira." Ana athu aphunzira sukulu ndi injini imeneyi. Mkazi wanga amaitcha mkazi mnzake, ati ndimaipukuta tsiku lililonse pamene iyeyo sindinamugulirepo ngakhale ndolo.

Kwa miyezi ingapo tsopano yakhala ikudwala. M'mawa ndimakoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Ikalira imanjenjemera, imatsokomola, ndipo ndikachepetsa moto kuti ndikocheze imazima. Ndikaipatsa moto wonse imathamanga kanthawi, kenako imafooka ngati wina waigwira pakhosi, koma ndikafinya kampira ka papaipi ya petulo imatsitsimuka. Utsi ndiye osanena. Poona kuti yakalamba, ndimaithirira oyilo wochulukirapo m'petulo kuti mafupa afewe. Petulo ndimagula wa m'mabotolo kwa mayi wina padoko, amene mgolo wake umakhala panja. Ndayesanso kupotokola tizitsulo ta pa kabureta uku ndi uku, moti pano sindikudziwa pomwe tinali poyamba.

Mwezi watha tinkapita kumsika ndi Ermelinda, bwato litadzaza nsomba ndi nkhanu. Titafika pomwe mtsinje umathira m'nyanja, madzi akuphwa, injini inazima. Ndinakoka chingwe mpaka chikhatho kutuluka matuza. Nkhafi ndinali nditaiwala kunyumba. Madzi anayamba kutikokera kunyanja, mafunde akulowa m'bwato. Mkazi wanga ankangokapa madzi ndi mbale mwamantha. Inenso mantha anandigwira, sindikubisirani.

Amene anatipeza ndi Baudilio Cuero, munthu amene ankamufunsira Ermelinda ine ndisanabwere, ndipo anakanidwa. Ali ndi injini yatsopano, yosamveka n'kulira komwe. Anatizungulira kaye, kenako anati, "Kompadre mnzanga, mwaima pano mukudikira minibasi?" Atatero anatembenukira kwa mkazi wanga: "Linda, ukanandilola ine, bwenzi nsombazi utagulitsa kalekale." Mkazi wanga anati, "Ponya chingwe, Baudilio. Pakamwa pako sipakoka bwato." Anatikoka mpaka padoko anthu akuonerera, ndipo kuyambira tsikulo dzina langa ndi Ngolo ya Baudilio.

Vuto ndi ili. Mwana wathu wotsiriza, Yurani, akukwatiwa mwezi wamawa ku tchalitchi cha kutauni. Kwathu kuno bambo ndi amene amanyamula mkwatibwi pa bwato lake, litakongoletsedwa ndi makhwatha a kanjedza ndi maluwa, ng'oma zikulira. Baudilio wadzipereka kuti atinyamule ndi lake. Mkazi wanga wandiuza kuti, "Mdala, mwana wanga sakwera chifuwa chachikulu chakocho atavala zoyera. Ukakakamira, upita wekha ndi mkazi wakoyo." Yurani yekha anandinong'oneza kuti, "Ababa, ine ndikufuna kukwera lanu, koma ndikufunanso kukafika."

Kodi injiniyi ingachire? Komanso, Aphungu, kodi mkazi wanga sakunong'oneza bondo kuti anamukana Baudilio? Chakudya sichikulowa, ngakhale nsomba ya msuzi wa kokonati imene ndimaikonda.

E.S.M., Guapi

Bambo E.S.M.,

Tiyambe ndi funso lachiwirilo, poti ndi lopepuka. Mkazi amene akunong'oneza bondo sauza mwamuna wa injini yatsopano kuti atseke pakamwa. Mayi Ermelinda sakuyerekeza amuna. Anaona imfa pa mafunde aja, ali ndi mbale m'manja. M'kalata yanu yonse sindinaone pomwe munawapepesa chifukwa choiwala nkhafi. Chitani zimenezo lero, musanagwire sipanala. Ndolo zijanso si zodula kuposa mapulagi.

Tsopano za mkazi wachiwiriyo. Mmene mwafotokozeramu, sindikuganiza kuti ndi ukalamba wokha. Mbali ina mukumudwalitsa ndinu ndi chikondi chanu.

Yambani ndi chakudya chake. Thirani petulo wa m'thanki yanu m'botolo loonekera mkati, mulisiye likhale kanthawi. Mukaona madzi atadikha pansi, wakubayo mwamugwira. Mgolo wokhala panja ku Guapi, kumene mvula sidziwa tchuthi, sungalephere kumwa madzi. Khuthulani thanki yonse, muitsuke, muiumitse, mutsukenso sefa. Mayi wa padokoyo muzimupatsabe moni, koma petulo wa ukwati mukagule kwina. Onaninso kabowo ka mpweya ka pa chitsekerero cha thanki. Kakatsekeka, injini imathamanga pang'ono kenako n'kubanika, monga momwe mwanenera.

Zoti imatsitsimuka mukafinya kampira zikusonyeza kuti petulo sakufika mokwanira. Mwina paipi yang'aluka ndipo ikuyamwa mpweya, mwina kampirako katha, mwinanso ndi kapampu ka petulo ka pa injini pomwepo. Paipi ndi kampira sinthani nokha. Zikapitirira, kapampuko akaone makaniko.

Za oyilo wowonjezerayo, siyani lero lomwe. Injini si nkhalamba yofuna msuzi wambiri. Oyilo akachuluka amadetsa mapulagi, ndipo utsi ndi chifuwa chimene akunena mayiwo zikuchokera pamenepo. Tsatani muyezo umene anaikira injini yanuyo, ndipo muziyeza ndi kapu, osati ndi mtima. Ikani mapulagi atsopano, muyende nawo, kenako muwamasule muwaone kumutu. Akakhala ofiirira ngati khofi wothira mkaka, zili bwino. Akakhala akuda ndi onyowa, ikadali kudya mopyola. Akakhala oyera mbee, musayendenso nayo mpaka wodziwa aione.

Kabureta mwaisokoneza kale, ndiye musaonjezere tchimo. Pitani nayo kwa makaniko aimasule, atsuke tizibowo take ndi mpweya, osati kutokosa ndi waya, ndipo abwezere tizitsulo tija pamalo pake. Kuchuna kwenikweni kuchitikire pamadzi, bwato litamangidwa padoko, injini itatentha. Kachitsulo kamapotokoledwa pang'onopang'ono, munthu akumvetsera, mpaka injini ilire mosadukiza ndipo isazime mukaika giya. Inu ntchito yanu ikhale kumvetsera. Manja muike m'thumba.

Simunanene ngati imakodza bwino. Injini ikamalira imayenera kutulutsa kamtsinje ka madzi kumbuyoku. Kakamatuluka modontha, kampira kopopa madzi oziziritsa katha, ndipo injini ingapse muli pakati pa mtsinje. Musamailizenso pamtunda popanda madzi, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Pomaliza, makanikoyo ayeze mphamvu ya masilinda. Ina ikakhala yofooka kwambiri kuposa inzake, ndiye kuti mtima wake watopa, ndipo pulagi yatsopano singathandize.

Zonsezi zikatheka, musakhulupirire kulira kwa padoko. Longani matumba a kokonati olemera ngati anthu amene mudzanyamule, muyende njira yomweyo ya kutchalitchi kangapo, madzi akudzaza komanso akuphwa. Ulendo womaliza mupemphe mayi Ermelinda akwere nawo. Woweruza akhale iwowo, ndipo chigamulo chawo chisakhale ndi apilo.

Nanga Baudilio? Munthu amene anakuponyerani chingwe ndi mnzanu, ngakhale pakamwa pake pali tsabola. Musamukane. Mupatseni oimba ng'oma ndi azakhali onse a mkwatibwi, aziyenda pambuyo panu. Akadzafika kutauni makutu ake adzakhala atalipira mawu onse aja, ndipo inu mudzakhala ndi bwato lina pafupi ngati china chitavuta.

Koma ndikuchenjezeni. Fodya asayandikire pamene mukukhuthula petulo. Nkhafi, nangula ndi majekete oyandamitsa zilowe m'bwato maluwa asanalowe. Ndipo injiniyo ikadzatsokomola ngakhale kamodzi pa maulendo oyesa aja, isiyeni kunyumba, muvale suti yanu, mukakhale pambali pa mwana wanu m'bwato la Baudilio. Padoko adzaseka, kenako adzapeza wina womuseka. Chimene Yurani adzakumbukire ndi dzanja limene linamugwira potsika, osati injini imene inamufikitsa.

Aphungu