Mkanjo Wakuda Watuluka M'kabati

Okondedwa alamu,

Kuno tadzuka bwino, kaya inu kutaliko? Ana akupereka moni.

Achimwene anu sakukhazikika masiku ano. Mukukumbukira zaka zija ankaimira amayi amasiye kukhoti ulere, achibale akawalanda nyumba? Chilowereni nyumba ya malamulo aliyense amawati "Olemekezeka", koma amayi aja akafika pageti amangoti "loya wathu", ndipo iwo amatuluka osavala ndi nsapato zomwe.

Lachinayi likubwerali aphungu adzavotera zochotsa lamulo loteteza amasiyewo. Akuluakulu achipani aitana achimwene anu kawiri kuti adzangovomera. Ine ndinati, "Bambo a ana, mutu umodzi susenza denga." Iwo anati, "Nanga amayi aja akadzabwera pageti, ndidzayang'ana kuti?"

Dzulo anatulutsa mkanjo wawo wakukhoti, uja wakhala m'kabati zaka zinayi, n'kuusita okha. Apo ndinadziwa kuti Lachinayi sadzavomera. Pali galimoto ina imene ikumaima tsidya la msewu tsiku lonse, koma mwina ndi alendo a aneba.

Alamu, chipinda chanu chakumbuyo chija chikadali chopanda munthu? Anawa akhoza kubwera kudzacheza msanga, sukulu isanatseke n'komwe.

Ndine mlamu wanu.