Ng'ona ya pa dziwe la Lupande

Kitwe, 9 Okutobala 1987

Okondedwa akulu anga a Cosmas,

Muli bwanji kumeneko ku Msoro, inu ndi alamu a Gladys? Kodi alamu ayambako kudya? Ine kuno ndilipo, kungoti thupi ndi lolefuka. Utsi wa kumigodi wandipatsa chifuwa, ndipo chimvereni za imfa ya mwana wanu Judith ndilibe mtendere. Mundikhululukire kuti sindinafike pamaliro. Uthenga unandipeza mutaika kale.

Kalata yanu ndailandira Lachiwiri. Mwati popeza ndikuphunzira zaubusa, ndikuuzeni ngati ng'ona ingasiye akazi onse otunga madzi padziwe n'kusankha mwana mmodzi popanda munthu woituma. Mwatinso kumapeto kwa mwezi muitana woombeza wa ku Malama, ndipo anthu akuloza kale amayi aang'ono a Margaret chifukwa cha mkangano wa dimba uja. Kalatayi ndaiwerenga katatu mpaka mutu kuwawa.

Zodabwitsa, kusukulu kuno nkhani ndi yomweyo. Tikuphunzira za zilombo za m'buku la Yobu, Behemoti ndi Leviyatani. Aphunzitsi athu akuti zimenezi si nyama zakutchire ayi, ndi zizindikiro chabe. Akuti Leviyatani amaimira chisokonezo ndi mphamvu zoipa, penanso amaimira Farao.

Ine nditatsegula Baibulo lathu la Chinyanja ndinapeza kuti pamalo pomwepo palembedwa mvuu ndi ng'ona, basi. Ndinakweza mkono, n'kunena kuti chilombo chogona m'bango, chodya udzu ngati ng'ombe, kwathu timachidziwa, chimatimalizira chimanga chaka ndi chaka. Chinacho cha mamba osalowa mkondo timachidziwanso. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Aphunzitsi anati, "Silas, iwe ukuwerenga ngati msodzi." Munthu amene ng'ona amaionera pachithunzi! Tsopano anzanga akungonditcha Mvuu, ndipo mayeso a phunziro limenelo sanandiyendere bwino.

Koma ndaganiza, akulu anga, ndipo musandikwiyire. Aphunzitsi akuti ng'ona ndi Farao, inu mukuti ndi a Margaret. Nonsenu simukufuna kuti ikhale ng'ona chabe. Inuyo ndikukumvetsani. Munthu mungamuitanire kubwalo, mungamulalatire, mungamuthamangitse m'mudzi, mtima n'kutsikako. Nanga ng'ona mungaichite chiyani? Mutangoilasa, agemu, alonda a nyama zakutchire aja, akumangani, pakuti masiku ano lamulo likuisunga iyo kuposa ife. Zimenezi zimandiwawa inenso.

Yobu atataya ana ake, anzake anakakamira kuti wolakwa apezeke basi. Iyenso anafuna wina woti amuyankhe. Mulungu atabwera anamuonetsa zilombo ziwirizi, zoti munthu sangazikole ndi mbedza kapena kuzimanga chingwe, koma sanamutchulire dzina la munthu aliyense. Sindikunamizani, yankho limeneli silindikhutitsa. Ndatopa nalo kuliwerenga. Komabe lina ndilibe.

Chimene ndikudziwa ndi chomwe inunso mukudziwa. Miyezi ino mtsinje wa Lupande umauma, ng'ona zonse zimaunjikana m'maiwe otsalawo, zili ndi njala. Mwalemba nokha kuti Judith anaima kumapeto kwa mzere wa otunga madzi, madzi akumulekeza m'mawondo. Anali wamng'ono pa onse. Ng'ona siifuna woituma kuti ione zimenezo.

Pempho langa ndi limodzi: woombezayo musamuitane. Munthu amene wayenda ulendo wonse kuchokera ku Malama sangabwerere osatchula dzina, ndipo dzinalo mudzi wamukonzera kale. A Margaret ali ndi pakamwa, ndikuvomera, ine ndemwe anditukwanapo kosawerengeka. Koma amayi atamwalira, anatitenga ndani? Inu munali ndi zaka khumi, ine ndikukwawa. Chibale ndi fupa, sichiola. Mukawapirikitsa pa msinkhu umenewu, wamasiye wopanda mwana, akalowera kuti?

Ngati mtima ukufuna pogwira, pitaninso kukampu ya agemu. Adzakuuzani kuti mubwere mawa, ndikudziwa, koma mubwererenso mawalo, mpaka atope nanu adzaiombere ng'onayo. Pakali pano akazi asamatunge padziwe, akumbe zitsime pamchenga. Sukulu tikatsekera mu Disembala ndidzabwera kudzaona manda, tidzalire limodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindiiwala kuwapempherera. Moni kwa achemwali a Edith ndi amuna awo, kwa amalume a Hosea, ndi kwa ana onse. Moni wotsiriza ndi wa amayi aang'ono a Margaret. Umenewu musatumize mwana kapena alamu. Mupite nokha, mukhale pansi pakhonde pawo, muwauze kuti Silas akuti muli bwanji.

Ndine mng'ono wanu,
Silas