Pamadzi ndidzapatukira kuti?

Lachinayi. Kwazizira chiyambire m'mawa, mutu nawo ukuwawa.

Mwana wanga Tiyamike waimbanso foni kuchokera ku Joni. Akuti akabwera kutchuthi, mwamuna wake adzachita hayala boti loyenda ndi mphepo sabata yathunthu, ine ndidzapite nawo. "Amayi, musankhe ndinu. Tikayende mbali ya ku Mangochi kapena ya ku Likoma?"

Ndisankhe chiyani ine wa ku Mayani, woti Linthipe akadzaza ndimabwerera panjira? Komatu madziwo si nkhani. Ndaona chithunzi cha botilo: kachipinda kamodzi, tebulo limodzi, chimbudzi chili pomwepo. Chikwatiwire mwanayu, akamwini sanandionepo ndikutafuna. Tikakumana panjira ndimapatuka. Nanga pamadzi ndidzapatukira kuti?

Ndamufunsa kumene boti limayenda moyandikira mtunda, kuti ndizikadyera patchire. Waseka. "Ku Mangochi. Koma amayi, zimenezo n'zakale!" Chapatali ndamva akamwiniwo akunena mwaulemu kuti azidzandiphikira okha.

Kundiphikira! Ndangoti Mangochi.

Akuti mwera ukakuntha boti silinyamuka. Mulungu andikhululukire, ndayamba kale kuupempherera.