Chikwangwani cha pa Kasupe wa Namisuku

Germantown, Maryland

Okondedwa achimwene a Jasper,

"Malo ano agulidwa ndi anthu a m'dera lino, mogwirizana ndi mafumu komanso ana athu a ku Amereka, kuti mtsinje wa Namisuku usadzaume. Pano mtengo sudzadulidwanso." Akutero mawu a pachikwangwani chatsopano, ndipo ndawakopera bwinobwino kuchokera pachithunzi munatumiza pafoni chija. Wolembayo ali ndi dzanja labwino.

Tsopano moni. Alamu ndi ana akudzuka bwanji? Za inu sindifunsa zambiri, pachithunzipo mukuoneka kuti mukudya. Ife kuno tili bwino, Tiffany wayamba sekondale.

Ndikukumbutseni chiyambi chake, mwina mwaiwala. Nkhalamba imene ndimaisamala inandipempha kuti ndiiperekeze kumapiri a ku Virginia. Kumeneko mtundu wina wa eni nthaka a kuno unagwirizana ndi anthu a m'deralo n'kugula malo a kumutu kwa kamtsinje. Malo a makolo awo omwe, koma anachita kugula. Ndili chiimire kumbuyo kwa njinga ya wodwalayo ndinaona madzi oyera, nsomba zikuonekera pansi, ndipo ndinakumbuka Namisuku amene masiku ano amaphwa Okutobala asanafike.

Nkhaniyi ndinakaitula kutchalitchi kwathu ku Rockville. Ndinawauza za m'bawa waukulu wa pakasupe, uja amayi ankatikwapula tikangosenda khungwa lake. Azimayi amene amachezera kusintha matewera a makolo a eni ake anasonkha ndalama zogulira malowo. Amayi Mwamba, a ku Zambia, oti phiri lathu sanalipondepo, anakazinga mandasi mpaka manja kupsa. A Wahab a ku Columbia Heights, Asilamu, anangomva kwa ena n'kubweretsa zawo. Anthu atafunsa kuti komiti yoyang'anira malowo akaitsogolere ndani, ndinadziguguda pachifuwa kuti ndili ndi mlongo wanga woopa Mulungu.

Lamlungu lapitali ndinaonetsa chithunzicho ndipo anthu anaomba m'manja. Amayi Mwamba okha anachikulitsa ndi zala, n'kundifunsa pamaso pa onse kuti nanga mtengo ndinkawauza uja uli kuti, popeza kumbuyo kwanu kukungooneka mitambo. Ndinayankha kuti mwina wojambula anaima molakwika. Achimwene, ndinatuluka thukuta m'nyengo yachisanu.

Madzulo ake ndinaimbira Mtisunge. Mwana wanu uja kunama sakudziwa. Za mtengo anati ndifunse bambo ake, koma anandiuza mokondwa kuti nyumba yanu ili ndi zitseko zatsopano.

Lamlungu likubwerali anthu akufuna yankho. Akapanda kulimva, dambo la m'munsi lija sitigulanso, ndipo oumba njerwa akulidikira kale. Pempho langa ndi limodzi. Kaimeni pansi pa m'bawawo, Mtisunge akujambuleni. Ngati simungathe, ndiimbireni munene ndi pakamwa panu, kenako mukatule upampando wa komiti anthu akuona. Musanditumizire mavesi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseniko manyazi pang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Nellie

Ndikanaiwala. Chithunzi chija nanenso ndachikulitsa. Chikwangwanicho ndi thabwa la m'bawa, ndipo paphiri lonse lija m'bawa unatsala umodzi.